A Felicidade Ayamba Kuperekeza Alendo

Mpaka chaka chatha, mlendo akafika ku Chiwanga kuno n'kufunsa kwa a Felicidade, anthu sankamulozera nyumba. Ankamulozera kadera. Unali mpando wa pulasitiki wobiriwira, kunena zoona mipando iwiri yolowetsana, chifukwa umodzi pawokha unali utalephera kale ntchitoyo. Unkakhala pakhonde moyang'ana thandala zoyanikapo usipa, ndipo mwini wake ankapezeka pomwepo kuyambira mame asanaume mpaka nkhuku kulowa. Malonda ankachitikira pamenepo, milandu ya m'mabanja inkaweruzidwa pamenepo, ndipo nkhani iliyonse ya m'mudzi muno inkayamba yafika pakhondepo kuti aithire mchere isanapite kwina.

A Felicidade anabadwira ku Cobue, m'banja la asodzi a Chiangilikani. Achikulire amati pa utsikana wawo ankapalasa bwato ngati mwamuna, ndipo pa chiwoda ankavina mpaka oimba ng'oma kupempha madzi. Ife amene tinawadziwa atakula tinkangovomera mwaulemu. Anakwatiwa ndi a Wiliyamu, msodzi wofatsa amene masiku ano amangosoka maukonde pansi pa mtengo wa mango. Anabereka anyamata angapo amene anabalalika ku Lichinga ndi ku Nampula, ndi mtsikana mmodzi yekha, Mércia. Geni ya usipa itawayanja analemba amayi ena oti aziyanika ndi kutembenuza, iwo n'kukhala pansi. Thupi linabwera, ndipo linabwera ndi abale ake. Ife tinkayamikira. Kuno munthu akanenepa timati ukwati wamuyanja, ndipo a Wiliyamu ankalandira ulemu umenewo mosakana.

Tsiku lina a Felicidade anachita chizungulire akuweramira dengu. Kuchipatala namwino anawamanga lamba pamkono, n'kuyang'ana makina, n'kuwayang'ananso iwo.

"Mayi, tensau yanu, kuthamanga kwa magazi, yakwera zedi. Mapiritsi ndi awa. Mchere muchepetse. Ndipo muziyenda tsiku ndi tsiku."

"Kupita kuti?"

"Kulikonse. Kungoyenda."

A Felicidade anavomera ndi mtima wonse. Anaimbira mwana wawo wa ku Lichinga, ndipo sabata isanathe kunabwera sapatilya zoyera mbee, nsapato zija amavala othamanga. Anazionetsa aliyense. Anati ayamba Sigunda, poti Lolemba ndiye tsiku loyambira zinthu. Sigunda kunagwa mvula. Sigunda inayo usipa unafa wambiri, ntchito inachuluka. Inayo usipa unasowa, mtima sunali m'malo. Kenako inafika Lenti, ndipo anati munthu wosala sayenera kudzionetsa m'misewu. Pasaka atadutsa anapeza kuti nkhuku yaikira mazira m'katoni ya sapatilya, ndiye poti iwo si munthu wankhanza, anati adikira iswe. Mukawafunsa ankayankha mokoma kwambiri moti inu wofunsa ndi amene munkachoka mukupepesa.

Nthawi imeneyo n'kuti Mércia atakwatiwa ndi Mateus, mlimi wa chimanga ndi chinangwa wa kumapiri a ku Maniamba, ndipo anali ndi pakati, mimba ya chisamba. Mwambo wathu ndi wodziwika: mtsikana wa mimba yoyamba amabwerera kwa amayi ake kukachirira kumeneko. Choncho a Florinda, amayi ake a Mateus, anatsika kudzakambirana za tsiku. Ndi mayi wamng'ono thupi, wouma ngati muvi, amene amalankhula ali chiimire. Anabwera ndi ufa ndi nyemba pamutu. Analandiridwa bwino, anadya chambo, anagona, ndipo zonse zinagwirizanidwa.

M'mawa mwake a Florinda anamanga kapulana yawo, chitenje cha kuno, n'kutsazika.

"Asewere, ine ndiziona njira."

"Pitani bwino, asewere. Mukapereke moni kumtunda konse. Miyendo yanga lero yadzuka udyo."

Ananena ali pa kadera. A Florinda anaima pabwalo. Anakonza mpango umene unali kale bwinobwino. Anayang'ana kumwamba ngati akuona za mvula. Ankadikira chimene mlendo aliyense amadikira, kuti mwini nyumba adzuke, amulandire kathumba, amutule pamsewu. Ngakhale wodzapempha moto timamuperekeza mpaka pa mpanda, nanji sewere wochokera kutali. Palibe anadzuka. A Wiliyamu atazindikira anataya ukonde n'kuthamanga, koma bambo kuperekeza sewere wamkazi, mkazi wake ali pakhonde, kunangowonjezera manyazi.

Yankho linabwera pa telefoni, ndipo tonse amene tinali pa thandala tinamva, chifukwa telefoni ya a Felicidade siidziwa kunong'ona. Anali Mércia, akulira.

"Amayi, munawachita chiyani apongozi anga? Akuti ndichirira konkuno. Akuti munthu wolephera kufika pamsewu sangasamale mayi ndi khanda."

"Iwe Mércia, miyendo inali..."

"Akuti ngati mukufuna mudzabwere kuno. Koma mchombo ukadzagwa inu kulibe, mwana adzamutulutsa m'chikuta ndi iwo."

Mwana akabadwa amabindikira m'nyumba ndi mayi wake mpaka mchombo kugwa, ndipo tsiku lotuluka, womusambitsa, kumumeta ndi kumunyamula kukamuonetsa dzuwa amakhala agogo akuchikazi. Adzukulu obadwa kwa anyamata aja onse anatulutsidwa ndi amayi a akazi awo, monga mwa lamulo lake. A Felicidade anali ndi mwana wamkazi mmodzi, ndipo chisamba sichibwera kawiri. Tsono kwa a Florinda si kwapafupi. Shapa, galimoto ija yonyamula anthu, imakutula pa Maniamba. Kuchokera apo njinga yamoto imakufikitsa pamtsinje n'kubwerera. Kotsalako ndi phiri ndi miyendo yako.

M'mawa mwake a Felicidade anasamutsa nkhuku ndi anapiye ake omwe, anavala sapatilya, n'kulowa mumsewu wopita ku Msumba.

Tsono tiyenera kumvetsana. Kuno palibe munthu wamkulu amene amayenda chabe. Woyenda amakhala ndi khasu, kapena ndowa, kapena uthenga. Amayi a pa mjigo ataona a Felicidade ali wapansi, opanda kanthu m'manja, nkhope itamangika, thukuta lili kamukamu, anatula ndowa.

"Kwagwanji, mana, achemwali athu?"

A Felicidade analibe mpweya woyankhira. Anangokweza dzanja n'kulitsitsa. Mayi wina anaika manja kumutu. Wina anayambitsa kulira. Uthenga unathamanga kuposa mwini wake, ndipo pofika kumapeto kwa mudzi unali utapeza kale dzina la womwalira. A Hezekiya, katekisita wathu, anapalasa njinga ndi buku la mapemphero m'thumba, ndipo anakapeza malemuwo atakhala pansi pa mango akutafuna chinangwa chootcha.

"Bambo Wiliyamu! Muli moyo?"

"Ndinadzuka ndili moyo. Mwamva zina?"

A Felicidade anabwerera kunyumba ndi chigulu cha anthu pambuyo, ena akupukutabe misozi, ena atakhumudwa kuti asiya ntchito pachabe. A Wiliyamu anangonena mawu ochepa.

"Make Mércia, ngati kuyenda kwanu kukupha ine, khalani pansi."

Anakhaladi pansi, ndipo ulendo uno anali ndi chifukwa chomveka. Miyezi inkapita, mimba ya Mércia ikukula kumtunda, iwo n'kumati ayambiranso anthu akaiwala. Ku Chiwanga anthu saiwala. Ana ankati akawaona, wina amakweza dzanja n'kulitsitsa, anzake n'kugwa pansi.

Amene anawadzutsa ndi a Saquina, mnzawo wa Chiyao wokhala kutsidya kwa dambo, mayi amene nkhani imamuyabwa ngati chitedze. Anafika masana ena ndi nkhani ya bambo wina wa boti la injini amene anagulira akazi ake awiri kapulana zofanana, aliyense n'kumuuza kuti ndi yokhayo m'sitolo monse, ndipo akaziwo anakakumana pamsika ku Metangula atazivala. Nkhani itafika pamene mkazi wamkulu anatula dengu la tomato pansi, a Saquina anayang'ana dzuwa.

"Ii, nsomba zanga zipsa pa waya. Ndidzamaliza mawa, mana."

"Mawa? Munthu watula dengu, inu mukuti mawa?"

"Nanga nditani? Ndikupita."

"Imani. Ndikuperekezeni."

A Wiliyamu anadzibaya ndi chosokera ukonde. Amayi a pa thandala anasiya kutembenuza usipa. Kadera inalira, mipando iwiri ija inakwera nawo pang'ono n'kugwa, ndipo a Felicidade anatsika pakhonde. Anafika pa mpanda, nkhani isanathe. Anafika pa mjigo, mkazi wamng'ono anali atavula mpango. Ndipo chodabwitsa n'chakuti palibe amene anafunsa kuti kwagwanji. Anthu ankangopereka moni n'kupitirira. Munthu woperekeza mlendo safunsidwa. Nkhani inathera pakhomo pa a Saquina penipeni, nsomba zitapserera mbali imodzi. Apo a Felicidade anali asanduka mlendo, ndiye a Saquina anayenera kuwaperekezanso pobwerera.

Madzulo ake a Felicidade anaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, akubuula, koma maso akuwala.

"Bambo a Mércia, ndaona pamene pankandivuta. Msewu ndikauuza kuti mawa, sudandaula. Mapiritsi sadandaula. Koma mlendo akadzuka wadzuka. Sungamuuze kuti ndidzakuperekeza Sigunda."

"Ndiye mutani?"

"Aliyense wolowa pampanda uwu, ndikamutula kwawo."

A Wiliyamu anaseka. Nafenso tinaseka titamva. Sitinaganize kuti pakhomo pa a Felicidade pamafika anthu tsiku lililonse limene Mulungu analenga, ndipo anthu ake ndi ife tomwe.

Woyamba kulawa anali a Hezekiya. Anabwera kudzanena za kwaya, ndipo potsazika anagwira njinga kuti akwere.

"Ndikutuleni pamsewu, aphunzitsi."

Munthu sungakwere njinga mayi wamkulu akukuperekeza. Anaikankha. Pamsewu anaima n'kuthokoza. A Felicidade anati angowafikitsa pa mlambe. Pa mlambe anati angowaolotsa pa kamlatho. A Hezekiya anakankha njinga yabwinobwino, matayala odzaza mpweya, mpaka pakhomo pa tchalitchi, dzuwa lili paliwombo. Lamulungu lotsatira anaphunzitsa za kupirira.

Mayi wodzabwereka sefa anaperekezedwa. Wodzagula usipa wa ndiwo zamadzulo anaperekezedwa. Bambo wina wa ku Lichinga wogula matumba anati katundu atsogole pa njinga yamoto, iye atsatira pa ina. Anakafika ku Metangula wapansi, nsapato zachikopa zili m'manja, akufunsa anthu ngati ku Chiwanga ndi mmene amachitira ndi aliyense. Kukana sikunkatheka. Ungakane bwanji ulemu? Ukati "bwererani apa, mana, mwatopa," iwo ankayankha kuti "ndikabwerera apa anthu adzati ndakuthamangitsani," n'kupitiriza, akupuma ngati mvukuto, nkhani ili pakamwa.

Tinayamba kuchenjera. Ofuna mchere ankaima kunja kwa mpanda n'kukuwa. Ena ankalowera kuseri n'kuthawira m'chinangwa. Tsiku lina sipanafike mlendo ndi mmodzi yemwe, ndipo tinati lero kadera ipuma ndi mwini wake. Chakumasana tinawaona akuperekeza mlendo wa eni ake, mayi wa ku Ngoo amene anabwera kwa oyandikana nawo ndipo sankawadziwa n'komwe.

Kapulana itayamba kuzungulira kawiri m'chiuno mwa a Felicidade, manong'onong'o anayamba. Ena anati ndi matenda aja. Ena anati a Wiliyamu asiya kusamala banja, ndipo bambo wosalakwayo anayamba kulandira malangizo kwa amuna anzake. Mayi wina wa Umodzi wa Amayi anapita kukawafunsa a Felicidade mwachikondi ngati pali chimene akufuna kuulula. Anamvetsera bwinobwino, anathokoza, n'kumuperekeza.

Sikuti zonse zinayenda myaa. Mwera utayamba kuwomba, bondo lakumanzere linatupa ngati papaya. Namwino anati apume pang'ono, osasiyiratu. Anapuma. Bondo linaphwa, koma iwo anapumabe. Mawu aja tinayamba kuwamvanso: kukuzizira, mphepo ikadzaleka, Sigunda. Alendo anabwerera pakhonde mwamtendere, ndipo kunena zoona ambiri a ife tinasangalala.

A Saquina okha ndi amene sanasangalale. Anabwera, anacheza, anatsazika, n'kukaima pakati pa bwalo.

"Pitani bwino, mana," anatero a Felicidade ali pa kadera.

"Ndikudikira."

"Mukudikira chiyani?"

"Kundiperekeza. Munandizoloweza nokha. Kapena mukufuna ndikaime ngati a Florinda, ndizikonza mpango?"

"Saquina, pakamwa pako m'poipa."

"M'poipa, eya. Mwana wanu mwezi wake ndi wamawa. Inu mukuyesa phiri la ku Maniamba lili ngati mchenga wa kuno? Kuno n'kosalala ngati mphasa. Simunakwerepo ngakhale chulu."

A Felicidade anatukwana pang'ono m'Chipwitikizi, n'kufunsa kumene kuli sapatilya. Ndipo mawu a chulu aja anawalowa. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kugula nkhuni kwa amayi otsika nazo kumapiri a kuseri kwa mudzi, mtolo tsiku lililonse, ngakhale kukhitchini kunali kutadzaza mpaka kudenga. Ankawapatsa madzi akumwa kuti akhale alendo enieni, kenako n'kuwaperekeza chokwera. Amayiwo poyamba ankachita mantha, kuganiza kuti akufuna kukaona kumene amadula. Pambuyo pake anazolowera, n'kumawasenzetsa nkhwangwa.

Telefoni inalira m'mawa wina mwezi wa Agosito. Anali Mateus. Mércia wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino, atuluka kuchipatala ndipo ali kumudzi. A Felicidade analulutira mpaka agalu kuuwa. Kenako anayamba kukonzekera, ndipo apa khalidwe lakale linasuzumiranso. Usipa wopita nawo unali usanaume bwino. Kapulana yoberekera mwana inali kwa telala. Masiku anapita angapo. Kenako Mércia anaimba yekha, monong'ona.

"Amayi, mchombo wauma. Apongozi agula kale lezala."

Zotsatirazi tinamva kwa a Saquina, amene anapita nawo, ndipo amalumbira kuti sanawonjezere kanthu. Anakwera shapa yoyamba. Pa Maniamba anapeza njinga zamoto, zinawatula pamtsinje, ndipo woyendetsa wina atayang'ana a Felicidade n'kuyang'ana phiri, anafunsa ngati adikire. Anamuuza kuti azipita. A Felicidade anasenza beseni la usipa, sopo ndi nsalu, n'kuoloka.

Phirilo silinawachitire ulemu. Njira yake ndi ya miyala yoterereka, yokhotakhota m'minda ya chinangwa, ndipo ukati wafika pamwamba umapeza pali pamwamba pena. Anapuma pamwala. Anapumanso pa chitsa. Pena anakhala pansi n'kunena kuti mtima ukugunda m'makutu, ndipo a Saquina anachita mantha enieni, anawamwetsa madzi, n'kuwauza kuti beseni alandire iwo.

"Siya. Ndikafika chimanjamanja adzati unandibereka kumsana."

"Ndiye tigone pamudzi uwo, tikwere mawa."

A Felicidade anawayang'ana, thukuta likudontha pachibwano. Anagwira tsinde la mtengo n'kudzikoka.

Atatulukira pabwalo, a Florinda anali akupeta nyemba. Anaona mayi wamtali, beseni pamutu, nsapato zofiira ndi dothi, ndipo anapereka moni wa mlendo wosamudziwa.

"Takulandirani, mayi. Mukufuna kwa yani?"

"Asewere, mwandiiwala?"

Lichero linagwa. Nyemba zinamwazika bwalo lonse, nkhuku n'kuchita phwando. A Florinda anazungulira mlendo wawo, anasuzumira kunjira ngati kuli machira kapena amuna onyamula, n'kubwerera.

"Mwakwera nokha?"

"Ndi miyendo iwiri yomweyi."

"Inu? A pa kadera?"

M'nyumba Mércia anamva mawu a amayi ake n'kuyamba kulira, khanda nalo n'kulandira nyimbo. Mchombo unali utagwa m'mawa womwewo. A Florinda anali ataitana kale amayi a m'mudzi kuti mwana atuluka kukacha, ndipo anali atauza aliyense kuti agogo a kunyanja sabwera. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi lezala ili m'pepala lake, anagwada pang'ono, n'kuipereka kwa a Felicidade ndi manja awiri.

Kutacha a Felicidade anasambitsa mdzukulu wawo, anamumeta tsitsi lachibadwa, anamukulunga mu kapulana yatsopano, n'kutuluka naye pakhomo. Amayi a ku Maniamba analulutira. A Saquina akuti analira kuposa mwini mwana.

Anthu atabalalika, a Felicidade anakhala pa mphasa, anatambasula miyendo, n'kunena kuti tsopano apume sabata yathunthu, asawadzutse munthu. A Florinda anabwera n'kuima patsogolo pawo.

"Asewere, mwagwira ntchito, sindinama. Ndinakunenani, ndipo ndabweza mawu anga. Tsono poti mwabwera kudzasamala mwana wanu, ine ndibwerere kumunda, chinangwa chikundidikira. Matewera ndi awo. Mayi wa khanda amasamba madzi ofunda m'mawa ndi madzulo."

"Zimenezo ndi zanga, musadandaule. Mjigo uli mbali iti?"

"Mjigo?" A Florinda anayang'ana a Saquina, n'kuyang'ananso sewere wawo. "Kuno timatunga kumtsinje. Uja munaoloka dzulo."

A Saquina akuti a Felicidade anayang'ana njira yotsika phiri. M'nyumba khanda linayamba kulira. Anagwira khoma, anadzuka pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti ndowa yaikulu ndi iti.